Ulendo wa tsiku limodzi wochoka ku Lilongwe kupita ku Dedza m'nyengo yozizira: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse mwezi wa Juni ukamayandikira, anzanga a kuntchito, a kumpingo ndiponso achibale obwera kutchuthi kuchokera kunja amandifunsa za ulendo wokaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, m'boma la Dedza, popeza akudziwa kuti ndapitako kambirimbiri ndipo ndaperekezako magulu angapo. Mafunso awo amabwerezabwereza, choncho ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho anga. Zonsezi ndalemba poganizira munthu amene akunyamuka mumzinda wa Lilongwe m'mawa, akufuna kuyenda ndi namulondola wodziwa malowo, ndipo akufuna kudzagona kunyumba kwake tsiku lomwelo.

N'chifukwa chiyani mumalimbikitsa kupita m'nyengo yozizira, pamene Dedza ndi dera lotchuka ndi chisanu?

Chifukwa choyamba ndi misewu ndi miyala. Mapanga ambiri amene muli zojambulazi ali kutali ndi msewu wa tala, ndipo njira zafumbi zopita kumeneko, zimene mu Januwale ndi Febuluwale zimasanduka matope oterera, pofika Juni zimakhala zitauma moti galimoto imadutsa osatitimira. Matanthwe amene munthu amakwera kuti akafike pamapangawo nawonso amakhala ouma, pomwe m'dzinja amamera ndere ndipo phazi silikhazikika. Chifukwa chachiwiri ndi thupi lenilenilo. Kukwera phiri mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, n'kolemetsa ngakhale kwa achinyamata, koma mu Juni ndi Julayi munthu wachikulire amakwera pang'onopang'ono n'kukafika pamwamba akadali ndi mphamvu zomvetsera zimene akufotokozeredwa.

Palinso nkhani ya maso. Kuyambira cha mu Ogasiti anthu amayamba kutentha tchire, ndipo utsi ndi fumbi zimaphimba mapiri mpaka mvula yoyamba itagwa. Mu Juni mpweya umakhala woyera, kotero kuti mukaima pamwamba mumaona midzi, nkhokwe zodzaza kumene, madimba obiriwira m'madambo ndiponso mapiri a kutsidya ku Mozambique. Anthu a m'midzimo amakhalanso atamaliza kukolola, ndipo munthu amene wamaliza kukolola amakhala ndi mpata woima n'kucheza ndi mlendo.

Kodi kumazizira motani, ndipo tivale chiyani?

Mzinda wa Lilongwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja yamchere, pomwe tawuni ya Dedza ili pafupifupi mamita 1,600, ndipo ndiyo ili pamwamba kuposa matawuni onse a m'Malawi. Phiri la Dedza, limene limaoneka kuseri kwa tawuniyo, limafika mamita pafupifupi 2,200. Kusiyana kumeneku kumamveka pathupi mukangotsika galimoto. M'bandakucha kumazizira kufika pansi pa madigiri 10, ndipo mphepo ya mwera ikamaomba pamalo opanda mitengo, makutu ndi zala zimachita kuwawa. Komabe pofika 11 koloko, ngati kulibe mitambo, dzuwa limakhala lamphamvu ndithu, ndipo amene anavala chijekete chimodzi chokhuthala pamwamba pa malaya opyapyala amasowa chochita: akavula azizidwa, akavala atuluka thukuta.

Nzeru yake ndi kuvala zophatikiza zimene mungamavule chimodzichimodzi: malaya a manja aatali, juzi, kenako jekete yotchinga mphepo. Tengani chipewa, masokosi okhuthala ndi nsapato zogwira pansi, osati zoterera kapena zatsopano zimene phazi silinazizolowere. Amayi asaiwale chitenje, chifukwa chimagwira ntchito zitatu pa ulendowu: chofunda m'galimoto, choyala pathanthwe pa nthawi ya chakudya, ndiponso chovala chaulemu mukaima pamudzi. Mafuta odzola ndi ofunika, popeza mphepo youma imang'amba milomo ndi zidendene.

Buluku lalitali ndimalilimbikitsa pa chifukwa chinanso. Ino ndi nyengo imene chitedze chimakhala chitakhwima m'mbali mwa tinjira ta m'tchire, ndipo ubweya wake ukangokhudza khungu munthu amakanda tsiku lonse. Mwana wa m'tawuni sachidziwa chitedze, amangoona zitheba zofiirira zaubweya zokongola n'kutambasula dzanja. Muuzeni musanayambe kukwera.

Tinyamuke nthawi yanji, ndipo tibwerere nthawi yanji?

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dedza pa msewu wa M1 ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85, ndipo mukawerengera kutuluka mumzinda, malodibuloko apolisi ndi misika ya m'njira monga Nathenje, Kamphata, Chimbiya ndi Linthipe pamene galimoto imayenera kuyenda pang'onopang'ono, ulendowu umatenga ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo. Pa zimenezi onjezerani nthawi ya m'njira zafumbi. Nyamukani 6 koloko m'mawa, kapena 6:30 mukachedwetsa, kuti pofika 9 koloko mukhale mwayamba kale kuyenda pansi.

Masiku a Juni ndi Julayi ndi aafupi kuposa ena onse m'chaka, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo. Mdima ukagwa msewu wa M1 umakhala woopsa, chifukwa mumadutsa magalimoto akuluakulu a katundu opita kuchipata cha Dedza ndi ku Mozambique, komanso njinga zakapalasa zopanda nyali, ngolo ndi anthu oyenda pansi ovala zakuda. Choncho pofika 3:30 madzulo gulu lonse likhale m'galimoto, litayang'ana ku Lilongwe.

Zimenezi ndinaziphunzira movutikira. Chaka china ndinaperekeza gulu limene linatuluka mumzinda 10 koloko itadutsa, chifukwa galimoto imene tinabwereka inafika mochedwa, ilibenso mafuta. Namulondola anatichenjeza kuti nthawi yatha ndipo tisankhe malo apafupi, koma ife tinaumirira kukwera phiri lalitali. Potsika kunali kutada, tikuunikira ndi mafoni awiri amene anatsala ndi moto, ndipo mayi wina wachikulire anabzungunyuka bondo moti anyamata anachita kumugwiriziza mpaka pansi. Kuchokera tsiku limenelo, namulondola akanena kuti nthawi yatha sindimutsutsa.

Kodi namulondola ndi wofunikadi? Bwanji osangotsatira mapu a pafoni?

Ndi wofunikadi, ndipo pa mayankho onse a patsamba lino, ili ndi limene sindingalisinthe. Dera la Chongoni ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 126, ndipo muli malo 127 odziwika a zojambula, omwazikana m'mapiri a miyala ndi m'nkhalango. Foni ingakufikitseni patsinde pa phiri, koma siingakuuzeni kuti pa tinjira tinayi timene tasiyana pamtengo wa msuku, kolondola ndi kati. Zojambula zina zili kunsi kwa thanthwe lolendewera, moti munthu akhoza kudutsa pamtunda wa mapazi khumi osaziona. Zina, makamaka zofiira, zinazilala kwambiri, ndipo pamafunika wina woti akuimikeni pamalo oyenera n'kuloza ndi kamtengo osakhudza mwala, mpaka maso anu atazolowera n'kuyamba kuona mizere ndi zozungulira pamene poyamba mumaona ngati dzimbiri chabe.

Koma ntchito yaikulu ya namulondola si kuloza njira. Malo amenewa si bwinja. Azunguliridwa ndi midzi ya anthu amene makolo awo ndiwo anajambula zina mwa zithunzizo, ndipo njira zopita kumeneko zimadutsa m'minda, pafupi ndi manda ndiponso pafupi ndi malo amene mlendo sayenera kupondako. Namulondola wa m'deralo amadziwa nkhalango imene ndi manda ngakhale palibe chizindikiro, amadziwa ngati m'mudzi mwagwa zovuta usiku wathawo, ndipo amadziwa ngati n'koyenera kuyamba mwakaonekera kwa amfumu. Iye ndiye amagogoda m'malo mwanu. Gulu lofika lokha, lotsika m'galimoto ndi makamera n'kulowera kuphiri osapereka moni, anthu amaliyang'ana ndi diso lina, ndipo sindiwaimba mlandu.

Chomaliza n'chakuti munthu akavulala kapena galimoto ikawonongeka, namulondola amadziwa woti amuimbire, amadziwa kumene kuli chipatala chapafupi, ndipo mawu ake amamveka m'mudzimo kuposa anu.

Namulondolayo timupeza kuti, ndipo tigwirizana naye zotani?

Malowa amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala, choncho kufunsa ku nthambi imeneyi masiku angapo ulendo usanachitike ndi chiyambi chabwino. Malo ogona alendo a ku Dedza nawonso amadziwa anthu amene amaperekeza alendo, ndipo makampani okopa alendo a mu Lilongwe amakonza ulendo wonse pamodzi ndi galimoto. Mukasankha kampani, funsani ngati akagwiritsa ntchito munthu wa m'deralo akafika kumeneko, chifukwa dalaivala wodziwa msewu ndi namulondola wodziwa phiri kawirikawiri amakhala anthu awiri osiyana.

Musanapite, lankhulanani naye pafoni ndipo mugwirizane zinthu izi momveka bwino: malo ndi nthawi yokumana, malo amene mukaone, chiwerengero cha anthu ndi misinkhu yawo, ndiponso malipiro, ngati ndi a munthu mmodzimmodzi kapena a gulu lonse. Mitengo sindilemba pano mwadala. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wolembedwa lero umakhala wabodza pakangopita miyezi yochepa. Chimene ndinganene n'chakuti munthu amene wasiya dimba lake tsiku lonse kuti akuyendetseni m'miyala ayenera kulandira zolingana ndi tsikulo, ndipo kunenerera mpaka kumufinya si nzeru. Tengani ndalama zapamanja zosinthasintha, chifukwa ngakhale Airtel Money ndi Mpamba zafika m'midzi yambiri, netiweki imasowa kuseri kwa mapiri. Mukayandikira malire, foni imathanso kulumphira pa netiweki ya ku Mozambique, choncho yang'anirani musanaimbe.

Kodi tikaona chiyani kwenikweni?

Mukaona mitundu iwiri ya zojambula, nthawi zina pamwala umodzi womwewo, zina pamwamba pa zinzake. Zofiira ndizo zakale kwambiri. Zambiri ndi zozungulira, mizere yoyandikana, timadontho ndi zina zooneka ngati makwerero, ndipo akatswiri amati anajambula ndi Akafula, amenenso amatchedwa Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene ankakhala kuno alimi asanabwere. Awa ndi omwe agogo athu ankawasimba m'nthano kuti Amwandionerapati, anthu aafupi amene ukakumana nawo ankafunsa kuti wawaonera pati, ndipo wanzeru ankayankha kuti wawaonera patali. Mu 1972 katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba m'phanga la Chencherere ndipo anapeza zida zamiyala ndi zizindikiro zosonyeza kuti anthu ankakhalamo zaka zoposa 2,000 zapitazo.

Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, pogwiritsa ntchito dothi loyera lopakidwa ndi chala. Zina zimaoneka ngati buluzi kapena chikopa cha nyama choyalidwa pansi, miyendo itatambasuka, nthawi zambiri zokhala ndi timadontho pathupi. Zimenezi zimagwirizana ndi chinamwali cha atsikana, ndipo anajambula ndi amayi pophunzitsa anamwali mwambo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene malowa ndi apadera, chifukwa ndi malo ochepa padziko lapansi amene zojambula za pamiyala zimadziwika bwino kuti ndi ntchito ya amayi. Zoyera zina ndi za gule wamkulu, zosonyeza zilombo monga kasiyamaliro, ndipo zambiri mwa izo si zakale kwambiri. Zinajambulidwa m'nthawi imene Achewa ankathawira m'mapiri amenewa poopa nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo m'zaka za m'ma 1800, komanso pambuyo pake pamene amishoni ndi boma la atsamunda ankalimbana ndi gule.

Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linaika Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Malo oyamba a m'Malawi kulowa pamndandandawu anali paki ya Lake Malawi National Park mu 1984, ndipo phiri la Mulanje linalowapo mu 2025. Zimandiwawa kuti anthu ambiri amene anabadwira ndi kukulira mu Lilongwe anapitapo kunyanja kangapo, koma sanaimepo pansi pa mwala umene uli pamtunda wa maola awiri okha kuchokera pakhomo pawo.

Chenjezo limodzi n'lakuti musayembekezere zithunzi zowala ngati za m'buku. Munthu wothamanga, amene akufuna kujambula n'kumapita, amabwerako atakhumudwa. Khalani pansi mphindi makumi awiri pamalo amodzi, mulole namulondola alankhule, ndipo mwalawo udzayamba kuonetsa zimene uli nazo.

Pa malo onsewo, tisankhe ati pa tsiku limodzi?

Malo amene alendo amapitako kawirikawiri ndi atatu: Chencherere, Mphunzi ndi Namzeze. Ku Chencherere n'kosavuta kufikako ndipo kuyenda pansi kwake n'kochepa, koma ndi kumenenso anthu osaganiza anawononga kwambiri polemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambulazo. Ku Mphunzi, kumadzulo kwa msewu wa M1, kuli miyala ingapo yoyandikana m'munsi mwa phiri, ndipo mumaona zofiira ndi zoyera zomwe popanda kukwera kwambiri. Ku Namzeze kumafuna kukwera kwa nthawi yoposa ola limodzi, ndipo kumayenera anthu a miyendo yolimba.

Maganizo anga ndi akuti gulu losakanikirana, la ana ndi akuluakulu, lipite ku Mphunzi m'mawa, lidye masana ku Dedza, ndipo ngati nthawi ilipo lidzere ku Chencherere pobwerera. Gulu la achinyamata lipereke m'mawa wonse ku Namzeze ndipo lisawonjezerepo phiri lina. Kufuna kuona malo onse atatu tsiku limodzi m'nyengo ya masiku aafupi kumachititsa kuti tsiku lithere m'galimoto.

Kodi n'zololedwa kukhudza zojambulazo kapena kuzijambula?

Kujambula ndi kamera kapena foni n'kololedwa nthawi zambiri, koma funsani namulondola poyamba. Kukhudza n'koletsedwa, ngakhale ndi chala chimodzi, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimadya utotowo, ndipo dothi loyera limanyenyeka mosavuta. Musathire madzi pamwala pofuna kuti mtundu uwale pachithunzi, musakoleze moto m'phanga ngakhale kuzizire bwanji popeza mwaye umaphimba zojambula, ndipo musatole phale kapena kamwala kalikonse kopita nako kunyumba. Malamulo a dziko lino oteteza zipilala ndi zinthu zakale amaletsa zimenezi. Aphunzitsi ndi atsogoleri a achinyamata awauze ana awo za nkhaniyi akadali m'basi, osati akafika pamwala.

Anthu musawajambule musanapemphe, makamaka amayi ali pamjigo ndi ana.

Tichite chiyani tikakumana ndi gule wamkulu kapena maliro panjira?

Nyengo yokolola ikatha ndi pamene miyambo imachuluka m'midzi ya Achewa: ziliza, zinamwali, kulonga ufumu, ndipo gule amatuluka kawirikawiri. Mukhoza kukumana ndi zilombo zikuthamanga m'mbali mwa msewu wafumbi. Zikatero, dalaivala achepetse liwiro kapena aime pambali, oyenda pansi apatuke n'kupereka njira, ndipo aliyense achite zimene namulondola wanena. Musaloze chala, musaseke, musafunse kuti ameneyu ndi ndani, ndipo kamera ikhale pansi mpaka mutaloledwa. Ngati pakufunika kuponya kandalama, namulondola adzakuuzani. Kudambwe mlendo sapitako, ndipo mafunso ena amene mungafunse pamwala, namulondola adzawayankha mwachidule kapena kungomwetulira. Musamukakamize, chifukwa pali zinthu zimene munthu wolowa sanena kwa osalowa. Gule wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, koma kulengezedwako sikunamusandutse chionetsero cha aliyense wodutsa.

Mukaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu, dziwani kuti pamudzipo pali maliro. Zimitsani wailesi ya m'galimoto, yendani pang'onopang'ono, abambo avule zipewa, ndipo amene ali panjinga atsike n'kuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Mukakumana ndi anthu onyamula chitanda, imani pambali mpaka onse atadutsa. Nthawi zina zovuta zoterezi zimachititsa kuti ulendo wa kumalo ena usinthidwe tsiku lomwelo, ndipo gulu liyenera kulandira zimenezo popanda kung'ung'udza.

Pa moni, musaumire. Wachikulire aliyense amene mwakumana naye m'kanjira mupatseni moni wathunthu, kuti "Wawa agogo, mwaswera bwanji?", ndipo mukafika pakhomo pa munthu yambani ndi odi. Mukaitanidwa kwa amfumu, khalani pansi pamene mwalozeredwa ndipo mulole namulondola ayambe kulankhula.

Pamafunika galimoto yotani? Nanga wopanda galimoto angathe?

M'nyengo youma galimoto yaing'ono imatha kufika pafupi ndi malo ena, koma yokwera m'mwamba ndiyo yabwino, chifukwa mvula ya chaka chathachi imasiya zigwembe ndi miyala yosongoka imene imagunda kunsi. Onani tayala lapadera ndi jeke dzulo lake, ndipo thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwerera musanagone, popeza m'zaka zaposachedwapa mafuta akhala akusowa nthawi ndi nthawi, ndipo simungadalire kukawapeza m'njira. Aliyense atenge chiphaso chake cha unzika, ndipo alendo ochokera kunja atenge mapasipoti, chifukwa dera limeneli lili m'malire ndipo apolisi amafunsa.

Wopanda galimoto akhoza kukwera minibasi kudepoti ya ku Lilongwe, kutsika pamene wagwirizana ndi namulondola, kenako n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Njirayi ndi yotsika mtengo, koma minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo panjinga yamoto m'mawa wa Julayi mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Anthu akakwana khumi kapena kuposerapo, kusonkherana n'kubwereka minibasi ya tsiku lonse n'kwabwino kuposa, malinga mugwirizane ndi mwini wake kuti galimotoyo idzalowa m'njira zafumbi ndiponso kuti idzafika itathira kale mafuta.

Nanga chakudya?

Kumapiriko kulibe golosale, choncho tengani madzi okwanira, malita awiri munthu aliyense, ngakhale kukuzizira ndipo ludzu silikumveka. Fulasiki ya tiyi wotentha, mbatata yophika, mtedza wokazinga ndi manachesi, zimene zonse zimapezeka nyengo ino, zimakwanira pa chakudya cha pathanthwe. Powerengera chakudyacho muwerengere namulondola ndi dalaivala. Zinyalala zonse, ngakhale makoko ndi timapepala ta masiwiti, zibwerere m'chikwama.

Masana ambiri amakadya ku Dedza Pottery, malo oumba ziwiya zadothi amene anayamba mu 1987, kumene kulinso malo odyera ndipo mukhoza kuona mbale ndi makapu zikuumbidwa ndi kupakidwa utoto. Amene akufuna zotsika mtengo apeza nsima m'malesitilanti a m'tawuni, kapena tchipisi cha pachiwaya chopangidwa ndi mbatata ya kachewere yolimidwa komweko.

Kodi ana ndi okalamba angapite?

Angapite, mukasankha malo osakwera kwambiri. Ana a zaka zisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo amayenda bwino, koma wamkulu mmodzi aziyang'anira ana osaposa atatu, chifukwa matanthwe ena amathera paphompho mwadzidzidzi. Odwala mphumu atenge mankhwala awo m'thumba, osawasiya m'galimoto, popeza mphepo yozizira ndi fumbi zimadzutsa matendawa. Amene ali ndi vuto la mtima, la shuga kapena la mawondo amuuze namulondola poyambirira, kuti asankhe njira ndi liwiro loyenera. Ndaonapo agogo a zaka zoposa 70 akufika pamwala ndi ndodo yawo, ndipo atakhala pansi n'kuyang'ana zojambula zoyerazo, anayamba kuimba chapansipansi nyimbo imene anaphunzira ali namwali. Zidzukulu zawo zinangoti chete.

Kodi tingawonjezere ulendo wa ku Mua tsiku lomwelo?

Pamapu zimaoneka zotheka, ndipo anthu ena amachitadi, koma ine sindilimbikitsa m'nyengo ino. Mishoni ya Mua, imene inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ili kumunsi kwa mapiri, kufupi ndi Mtakataka, ndipo kuti mukafikeko kuchokera ku Dedza mumatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti. Kumeneko kuli Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene anayambitsidwa ndi bambo Claude Boucher mu 1976, pamodzi ndi nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, imene imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao ndipo muli zigoba za gule mazanamazana. Malo amenewa pawokha amafuna maola atatu kuti munthu awamvetse. Mukawaphatikiza ndi Chongoni, mudzafika ku Mua dzuwa litapendeka, mudzathamanga m'zipindamo, ndipo mudzabwerera ku Lilongwe kudzera ku Salima usiku.

Upatseni ulendo wa ku Mua tsiku lakelake. Ndipotu zimathandiza kuyamba ndi Mua Loweruka lina, kenako Chongoni Loweruka lotsatira, chifukwa zimene mwaphunzira ku Chamare zimakutsegulani maso mukaima pamwala.

Tingagule chiyani pobwerera?

Dedza ndi dera la ndiwo zamasamba ndi mbatata ya kachewere, ndipo m'misika ya m'mbali mwa msewu mupeza kabichi, tomato, anyezi, karoti, nsawawa ndi nyemba pa mtengo wabwino kuposa wa mumzinda. Siyani malo m'galimoto ndipo tengani matumba anu. Nyengo ino anyamata amaimanso m'mbali mwa msewu ndi mbewa zowamba zopanidwa pamitengo, kwa amene amazikonda. Gulani mwachangu, mukukumbukira kuti dzuwa silikudikirani.

Makala musagule. Kunyamula makala opanda chilolezo ndi mlandu pa malamulo a zankhalango ndipo amalandidwa pamalodibuloko, komanso nkhalango ya Chongoni imene imatchinga zojambulazo ku dzuwa ndi mvula ikutha chifukwa cha matumba omwewo amene amalowera mumzinda.

Bwanji kukacha kuli nkhungu kapena mvula yowaza?

Zimachitika mu Juni ndi Julayi kuti mitambo imakhala pamapiri a Dedza m'mawa wonse, kukuwaza kamvula kosalekeza, pamene ku Lilongwe kuli dzuwa. N'chifukwa chake muyenera kumuimbira namulondola musananyamuke, cha m'ma 5:30 m'mawa, kuti akuuzeni mmene kwachera kumeneko. Nkhungu yambiri imabalalika pofika 10 koloko, choncho nthawi zambiri kumakhala kokwanira kusintha ndondomeko: kuyamba ndi tiyi ndi kuona zoumba m'tawuni, kenako kupita kumiyala dzuwa litatuluka. Koma ngati kamvulako kanyowetsa matanthwe ndipo sikakuleka, siyani za Namzeze ndi kukwera kulikonse, pitani kumalo a m'munsi okha, kapena gwirizanani tsiku lina. Ulendo ukalephereka m'mawa wa tsiku lomwelo, namulondola amene anasiya ntchito zake n'kukudikirani pamsewu mutumizireni gawo la malipiro ake.